Tayirodi tisinthe tokha, koma alayimenti tisiyire eni ake

Loweruka lapitali ndinathandiza amalume kusintha tayirodi ya Corolla yawo yakale pabwalo la nyumba. Mnansi wina atationa anati tikuseweretsa moyo, popeza ntchito yotere ndi ya amakaniki okha. Ine sindinavomereze, ngakhale pa mfundo imodzi ndili naye pamodzi.

Tayirodi ndi chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi gudumu lakutsogolo. Kunsonga kwake kuli mfundo yozungulira ngati ya phewa, yokutidwa ndi labala wosunga girisi. Labalayo akang'ambika, fumbi ndi madzi zimalowa ndipo mfundo imadyeka. Mukatero mumamva kugogoda pa mabampu, chiwongolero chimasewera, tayala limatha mbali imodzi. Mfundoyo ikazuka galimoto ili pa liwiro, gudumu limapotoka lokha ndipo woyendetsa sangachitepo kanthu. Kuyesa kwake n'kosavuta: kwezani galimoto, gwirani tayala kumanja ndi kumanzere, muligwedeze. Likamasewera, fufuzani tayirodi.

Amene ali ndi jeke, masipanala ndi hamala angathe kusintha yakunja, bola akhale wodekha. Galimoto ikhale pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Masulani nati yomangira kaye, chotsani pini ndi nati ya pamfundo, kenaka menyani m'mbali mwa chitsulo chogwira mfundoyo, osati pa mazinga. Pomasula yakaleyo werengani maulendo amene mwaizunguza, ndipo yatsopano ilowe maulendo omwewo. Pini ikhale yatsopano. Msomali suloŵa m'malo mwake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amalume anawerenga mokweza mawu kuti ine ndikhale mboni.

Apa ndi pamene mnansi uja akunena zoona. Kuwerengako kumangokufikitsani ku galaja, chifukwa tayirodi yatsopano siyenera kufanana ndendende kutalika ndi yakale. Kusiyana kwa mamilimita ochepa n'kokwanira kudya tayala latsopano m'miyezi yochepa ndi kusokoneza kayendedwe ka galimoto. Diso ndi chingwe sizingapose makina oyezera. Ndalama imene mwapulumutsa pogwira nokha ntchito ipite ku alayimenti, osati m'thumba.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chakuti ntchito yonseyi tinaigwira m'chinenero chathu. Ena m'gulu muno amanyansidwa ndi mawu obwereka, ndipo angafune kuti tipeke dzina latsopano. Koma tamvani mmene makaniki wa ku Biwi ku Lilongwe amayankhulira: tayirodi imodzi, matayirodi awiri, monga timanenera sipanala ndi masipanala. Mawuwa alandira kale mphatikiram'mbuyo ma-, ndipo mavawelo aikidwa pakati pa makonsonanti monga lilime lathu limafunira. Ndi athu tsopano, monganso galimoto ya ku Malawi ndi motoka ya ku Zambia.

Chosowa si dzina ayi, koma malongosoledwe olembedwa. Mabuku okonzera galimoto ali m'Chingerezi, pamene anyamata ambiri a m'magalaja amaphunzira poonera ndi pomva. Chenjezo loti musadalire jeke yokha liyenera kufika kwa iwo m'mawu amene amaganizira. Ndikupempha amakaniki a m'gulu muno, a ku Chipata, ku Tete ndi kwina konse, atiuze mayina amene amatchulira zitsulozi kwawo, kuti tiwalembe pamodzi ndi kagwiridwe kake.