Masewero atatu pachaka ndi ganyu: za ligi ya rugby ya amayi ku Australia

Mwezi uno tiyeni tipumuleko nkhani za ma visa ndi kukwera mtengo kwa matikiti a ndege, tikambeko za mpira. Musathamangire kuganiza za Bullets ndi Wanderers ayi. Mpira wa lero ndi uja wooneka ngati dzira, umene ambirife timangoudumpha tikamasintha matchanelo, ndipo ousewera ake ndi amayi. Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa kuti zimenezi zikutikhudza pati ife a pa Nuaija. Tatsatani bwino. Nkhani yake ndi ya kontrakiti, ndipo pakati pathu palibe amene sadziwa kulemera kwa kapepala kameneka.

Pa 5 Okutobala 2025, tsiku Lamulungu, pamene ife kuno tinali titangoyamba sabata ya ntchito, ku Sydney kunali masewero otsiriza a ligi yaikulu ya amayi ya rugby league, imene amaitcha NRLW. Anakumana ndi Brisbane Broncos ndi Sydney Roosters. A Roosters anafika tsikuli asanagonjepo ngakhale kamodzi chaka chonsecho, komanso ndiwo anali akatswiri a 2024. Koma mpira sudziwa mbiri ya munthu. Broncos inapambana 22 kwa 18, ndipo amene anatseka nkhani chakumapeto kwa masewero anali Mele Hufanga, mtsikana wamphamvu wochokera ku New Zealand, amenenso anasankhidwa kukhala wosewera bwino pa tsikulo. Madzulo ake timu ya amuna ya Broncos nayo inagonjetsa Melbourne Storm 26 kwa 22 pa bwalo lomwelo, zikho zonse ziwiri n'kupita ku Brisbane.

Kwa amene simunauonerepo mpirawu, malamulo ake si ovuta. Mbali iliyonse kumakhala anthu 13. Mpira amathamanga nawo m'manja, koma popatsirana saloledwa kuuponyera kutsogolo. Timu imene ili ndi mpira imakhala ndi mwayi mpaka osewera ake atagwetsedwa kasanu ndi kamodzi, zikatero mpira umapita kwa anzawo. Kukagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, chimene amachitcha try, kumapatsa mapointi 4, ndipo kuumenya pakati pa mitengo pambuyo pake kumaonjezera 2. Basi. Zotsalazo ndi mapewa, liwiro ndi mtima wosaopa kugundana.

Tsono mpira umenewu unabadwa chifukwa cha mkangano wa malipiro. Kalelo rugby inali imodzi, ndipo akuluakulu ake ku England ankati wosewera asalandire kanthu, azisewera mwa chikondi chabe. Zinali zophweka kunena kwa ana a anthu olemera. Koma kumpoto kwa dzikolo osewera ambiri anali a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, ndipo Loweruka linali tsiku la ntchito. Munthu akajomba kuti akasewere, bwana ankamudula. Akathyoka mwendo, banja lonse linkagona ndi njala. Matimu anapempha kuti aziloledwa kubwezera osewera ndalama za maola amene ataya, akuluakulu anakana. Pa 29 Ogasiti 1895 nthumwi za matimu zinakumana mu George Hotel mu mzinda wa Huddersfield, ndipo matimu 22 anapatuka n'kuyamba zawo. Kumeneku ndiye kunachokera rugby league. Rugby inayo, imene imaseweredwa ndi anthu 15 monga ya ma Springboks a ku South Africa, inadzavomereza zolipira osewera mu 1995, patapita zaka 100.

Chodabwitsa n'chakuti masewero obadwa pa nkhani ya malipiro a wantchito anatenga zaka zoposa 120 kuti aganizire za amayi. Ligi ya NRLW inayamba mu 2018 ndi matimu anayi okha: Broncos, Roosters, St George Illawarra Dragons ndi New Zealand Warriors. Timu iliyonse inkasewera katatu, kenaka ziwiri zapamwamba n'kulimbirana chikho. Mwezi umodzi, zonse zatha. Broncos inatenga chikho choyamba pogonjetsa Roosters 34 kwa 12, n'kuchitenganso mu 2019 ndi 2020.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Taganizani mayi amene ndi mphunzitsi, wapolisi kapena womanga nyumba, monga analili ambiri mwa osewerawa. Kuti asewere masewero atatu aja ayenera kupempha tchuthi kuntchito, mwina chopanda malipiro, azichita zokonzekera usiku ataweruka, ndiponso chaka chonse azisunga thupi lake lili lolimba ndi ndalama za m'thumba mwake. Akavulala bondo pa masewero achiwiri, ligi yatha, kontrakiti yatha, koma bondo lidzafuna pafupifupi chaka kuti lichire. Kwathu zimenezi timazitcha ganyu. Waganyu amalipidwa ndime imene walima, ndipo khasu likamutema, mwini munda sizimukhudza.

Kuipa kwa ganyu kunaonekera bwino mu 2021. Chifukwa cha Covid-19 ligi ya chaka chimenecho inaimitsidwa n'kukankhidwira kumayambiriro a 2022, pamene osewera ena anali atasiya kale ntchito zawo n'kusamukira kumene kuli matimu awo atsopano. Ena ochokera ku New Zealand anapanikizika ku Australia, masewero kulibe, kubwerera kwawo n'kovuta chifukwa cha malamulo a mliri. Ife amene tinali kuno mu 2020, ndege zitaima ndipo makampani ena atayamba kuchepetsa anthu, sitifunika kutanthauziridwa kuti mtima umagunda bwanji zikatero.

Zinthu zinasintha mu 2023, ndipo sizinasinthe chifukwa cha chifundo cha wina. Bungwe la osewera linakokanakokana ndi eni ligi kwa miyezi yambiri mpaka anagwirizana. Malipiro otsikitsitsa anaikidwa pa madola a ku Australia 30,000 m'chaka cha 2023, n'kupangana kuti azikwera chaka ndi chaka mpaka adzafike 50,600 mu 2027. Osewera analoledwa kusaina makontrakiti a zaka zingapo m'malo mwa chaka chimodzi chimodzi, ndipo munalowanso ndime yoteteza amene ali ndi pakati kapena wabereka kumene. Chaka chomwecho matimu anafika 10. Mu 2025 anafika 12, pamene Canterbury Bulldogs inalowa ndipo Warriors inabwerera, timu iliyonse n'kusewera ka 11 isanafike ndime ya chipulula.

Musachite nazo nsanje ndalamazi pozisintha m'mutu kukhala ma riyal kapena makwacha. Lendi ya ku Sydney siseka ndi munthu, ndipo ambiri mwa osewerawa mu 2025 anali akugwirabe ntchito zina kapena ali pasukulu. Amuna a m'makalabu omwewo amalandira zochuluka kutalitali. Komabe ife tikuona kuti chinthu chachikulu chimene amayiwa anapata ndi kutalika kwa chaka cha masewero ndi kwa kontrakiti, kuposa nambala ya madola. Munthu amene akudziwa kuti chaka chamawa adzakhalabe pa ntchito angathe kuchita lendi nyumba, kulembetsa mwana sukulu, ngakhale kukana pamene akumukakamiza kusewera ali wovulala. Ndipo mpira weniweniwo unakoma. Fainolo zitatu za 2023, 2024 ndi 2025 zonse zinatha ndi kusiyana kwa mapointi osapitirira 6, pamene ija ya 2018 inali ya mbali imodzi.

Ligi itayamba kulipira, inayambanso kukoka anthu a kunja monga mmene Doha anatikokera ife. Elsie Albert anachoka ku Papua New Guinea kukasewerera Dragons mu 2020. Mu 2023 atsikana a ku England, kwawo kwenikweni kwa mpirawu, nawo anakwera ndege: Georgia Roche anapita ku Newcastle Knights, Hollie-Mae Dodd ku Canberra Raiders, Fran Goldthorp ku North Queensland Cowboys. Inde, nawonso Azungu amapita kutheba malipiro akakhala kwina.

Kwathu ku Malawi rugby league sitiidziwa kwenikweni, koma njira imeneyi ana athu aakazi anaiponda kale kudzera mu mpira wa ntchemberembaye ndi wa miyendo. Mwai Kumwenda, mwana wa ku Mzimba, anachoka ku Escom Sisters kupita ku Australia, anakasewerako ku New Zealand, ndipo mu 2017 analowa timu ya Melbourne Vixens. Mu 2018 anavulala bondo koopsa, kuvulala kumene kwathetsa mpira wa atsikana ambiri kumudzi. Iye anali pa kontrakiti ya kalabu yokhala ndi madokotala ake, anachira, n'kubwerera m'bwalo mu 2019. Mu 2020 ligi yonse inasamutsidwira ku Queensland chifukwa cha mliri, osewera a Vixens n'kukhala miyezi kutali ndi makwawo. Pa 18 Okutobala chaka chimenecho anagonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64 mu fainolo, ndipo wosewera bwino pa tsikulo anali Mwai. Likanakhala ganyu, bondo lija likanamubweza ku Mzimba zaka ziwiri chikhocho chisanabwere.

Ngakhale kumeneko si kuti zonse ndi uchi. Chakumapeto kwa 2023 osewera a ligi ya ntchemberembaye ya ku Australia anakhala masabata ambiri osalandira kanthu, makontrakiti akale atatha pamene mgwirizano watsopano unali usanasainidwe. Akatswiri oonekera pa kanema, koma ku banki kuli zii. Anagwirana manja osagonja mpaka anamvana ndi akuluakulu awo mu Disembala.

Za ana a kwa Chawinga a ku Rumphi sitichita kukuuzani. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, n'kuchitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain, asanapite ku Lyon mu 2024. Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, kuphwanya mbiri ya zigoli 18 ya Sam Kerr, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2024 ndi mu 2025. Ambirife timaonera zigoli zawo pa foni mu basi ya kampani, n'kumanyadira. Koma tisaiwale kuti awa ndi anzathu a paulendo. Nawonso ali ndi chitupa chogwirira ntchito, ali ndi abale owadikira kumapeto kwa mwezi, ndipo amawerenga masiku otsala pa kontrakiti monga timachitira ife.

Ife a kuno tikudziwanso kuti zolembedwa zimasintha moyo. Kuyambira mu Marichi 2021 malipiro otsikitsitsa ku Qatar ndi ma riyal 1,000 pamwezi, kuonjezapo 500 ya nyumba ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi. Kuyambira mu 2020 lamulo silifunanso kalata ya chilolezo cha bwana kuti munthu asinthe ntchito. Si aliyense amene zimamuyendera monga zinalembedwera, tonse tikudziwa, koma amene ali ndi pepala ali ndi poyambira kudandaula.

Tsono mawu athu apite kwa makolo ndi kwa ophunzira. M'mabanja mwathu muno muli atsikana othamanga, ena akusewera m'matimu a sukulu zawo kuno ku Doha, ena tinawasiya kumudzi ndipo timangomva pa foni kuti mwana uja wayamba kutchuka pa mpira. Ena mwa ife timawaletsa, ati mpira ndi wa anyamata, ati adzalephera kubereka, ati sukulu idzaonongeka. Zoti mpira umaletsa kubereka ndi nkhambakamwa chabe. Mwai yemweyo anapuma chaka cha 2024 kuti akabereke mwana wake. Nkhawa ya sukulu yokha ndiyo yomveka, ndipo yankho lake lili mu ligi ya NRLW momwemo, mmene akatswiri ambiri agwira mpira ndi dzanja limodzi, satifiketi ndi linalo. Mtsikana asewere, koma mayeso alembe.

Tsiku lina kudzabwera munthu wovala bwino, wodzitcha ejenti, kunena kuti wamupezera mwana wanu timu kunja. Ambirife tinafika kuno kudzera mwa anthu otere, ena oona, ena akuba, choncho tisachite manyazi kufunsa. Kalabuyo dzina lake ndani, ndipo ili mu ligi iti? Ligiyo imaseweredwa miyezi ingati pachaka, nanga miyezi yotsalayo mwanayo azidzadya chiyani? Kontrakiti ndi ya nthawi yaitali bwanji, ndipo yalembedwa m'chilankhulo chimene iye angawerenge yekha? Tikiti yobwerera alipira ndani? Pasipoti azisunga ndani? Bungwe loyendetsa masewerowo ku Malawi likudziwa za ulendowu? Ejenti akayamba ndi kupempha ndalama kwa inu kalata ya kalabu musanaione, mutsekereni chitseko. Ndipo musasaine musanaone ndime imene ikunena za kuvulala: chipatala alipira ndani, malipiro apitirira kwa miyezi ingati, ndiponso ngati malo ake mu timu adzawapezabe akachira.