Kodi wofufuza wa mawa akuphunzirira kuti?

Mu 2011 dziko lonse linamva zotsatira za kafukufuku wa HPTN 052: munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV akayamba msanga kumwa ma ARV, mpata wopatsira mnzake wa m'banja umatsika ndi 96 peresenti. Gawo lina la ntchitoyo linachitikira muno mu Lilongwe, pansi pa UNC Project, yomwe ili pa Tidziwe m'bwalo la chipatala cha Kamuzu Central. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi anali woyamba kubaya ana mu Epulo 2019, anayesedwanso kuno. Mukatuluka m'tauni kulowera ku Mchinji mupeza Chitedze, kumene akatswiri a boma ndi a ICRISAT anatulutsa mtedza wa CG7 womwe alimi akhala akudzala kwa zaka zambiri.

Kafukufuku alipo ndithu, ndipo si wamasewera. Nanga mwana wa chaka chachitatu ku Bunda, ku Chanco kapena ku MUST, amene wabwera kutchuthi kwa azakhali ake ku Kawale, amalowera khomo liti kuti akaione ntchito imeneyi ndi maso ake?

Timuperekeze. Wanyamula envulopu yakhaki, m'katimo muli kalata ya kusukulu yopempha atachimenti. Wayambira ku Area 4 poti makampani ndi maofesi kumeneko ndi oyandikana, akhoza kuwazungulira wapansi osawononga ya minibasi. Pageti mlonda akumuuza kuti, "Siyani kalatayo, akuimbirani." Akachita mphumi n'kutengedwa, ntchito yake ndi kuima pa makina a fotokope, kusanja mafayilo, ndi kutumidwa masana kukagulira abwana tchipisi. Pomaliza amamusainira fomu yoti wagwira bwino. Waphunzira kufika nthawi yake ndi kupereka moni mwaulemu, ndipo zimenezo sitikuzinyoza. Koma ngati mwanayu akuphunzira chemistry, wagwirapo chipangizo chanji? Walimbana ndi funso liti lomwe yankho lake silinalembedwe kale m'buku?

Khomo lina lodziwika ndi la kutolera mayankho. Bungwe likafuna kufufuza za kumudzi limalemba achinyamata, limawaphunzitsa masiku ochepa, limawapatsa tabuleti ndi alawansi, n'kuwakweza galimoto ulendo wa ku Dowa kapena ku Ntchisi. Ndalamayo imathandiza, ena amalipirira fizi. Koma mafunso anakonzedwa kale ndi ena, nthawi zina kunja kwa dziko lino. Mayankho akangolowa mu tabuleti basi apita, wotolerayo sadzawaonanso. Wodzawasanthula ndi wina, wodzalemba ndi wina, dzina lodzatuluka pa lipoti ndi la wina. Kodi munthu atolere mayankho zaka zingati kuti asanduke wofufuza?

Ku America, bungwe la boma la National Science Foundation lakhala likulipirira pulogalamu ya REU kuyambira 1987. Wophunzira wa digiri yoyamba amapita ku labotale ya yunivesite ina kwa milungu pafupifupi 10 patchuthi, amalandira ndalama yoti adzisamalire, amapatsidwa kafunso kakekake, ndipo pamapeto amaima pamaso pa akuluakulu kufotokoza zomwe wapeza. Mwayiwo ndi wa nzika zawo ndi okhazikika kumeneko. Ife ukutikhudza chifukwa mwana wathu akamadzafunsira malo a masters kapena PhD kunja, adzapikisana ndi anthu oterowo. Mnzakeyo ali ndi kalata ya umboni yochokera kwa pulofesa amene anamuona akulakwitsa, akubwereza, mpaka akukhoza. Wathuyu kalata yake walemba ndi mphunzitsi amene amangomudziwa ngati nambala pakati pa gulu lodzaza holo. Mukanakhala inu osankha, mukanatenga uti?

Pali phindu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri. Kafukufuku ndi ntchito yotopetsa. Munthu amatha mwezi wathunthu akuyeza msinkhu wa mbewu m'mizere, kapena akuwerenga tizilombo pa maikulosikopu mpaka maso kuwawa, kenako n'kupeza kuti zonse ziyambirenso chifukwa magetsi anazima ndipo zosungidwa mufiriji zaonongeka. Ena zimenezi zimawakoka mtima, ena zimawanyansa. Si bwino kodi kuti wachinyamata adzidziwe yekha m'milungu ingapo ya tchuthi, m'malo modzazindikira ali pakati pa PhD ya zaka zitatu kapena zinayi, sikolashipu itadyedwa kale?

M'mera mpoyamba. Mlimi wa fodya saokera popanda nazale, koma ife tikuyembekezera madokotala a maphunziro tisanafese. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, kubala UNIMA, KUHeS ndi MUBAS. Kuphatikiza LUANAR, Mzuni ndi MUST, mayunivesite a boma anakwana 6, osawerengera a mipingo ndi a anthu wamba omwe akuchulukirachulukira. Onsewa akufuna aphunzitsi a PhD. Adzachokera kuti? Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amakamba za ulimi wamakono ndi mafakitale. Mbewu zopirira chilala zidzatulutsidwa ndi yani pamene akatswiri a lero a ku Chitedze adzakhale atapuma?

Tifunse ku Lingadzi House ku City Centre, kumene kuli National Commission for Science and Technology, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 kuti litsogolere nkhani za sayansi. Kafukufuku wokhudza anthu sayamba m'dziko muno asanavomerezedwe ndi komiti yoyenera, ndipo ofufuza amalipira. Chingavute n'chiyani kunena kuti kafukufuku wamkulu aliyense asiye malo awiri kapena atatu a ophunzira a digiri yoyamba, okhala ndi wowayang'anira wodziwika dzina? Mabungwe ena amatenga kale achinyamata, ndipo tiwayamikire, koma kawirikawiri amafuna omaliza digiri. Wa chaka chachiwiri ndi chachitatu, amene sanasankhebe njira, akumuganizira ndani?

Tifunsenso atsogoleri a mayunivesite. Sukulu iliyonse imatsekera nthawi yakeyake, ndipo kalendala imasuntha pakangobuka sitalaka. Mwini labotale angakonzekere bwanji alendo amene sakudziwa kuti afika mwezi uti? Aphunzitsi nawo, pokwezedwa pantchito amawawerengera zomwe asindikiza. Amawawerengeranso kodi ana amene awatenga n'kuwaphunzitsa kufufuza? Ngati ayi, tisadabwe kuti tchuthi chikafika ambiri amapezeka ku mawokishopu a ku Mponela ndi ku Salima, komwe kuli envulopu.

Chachikulu ndi ndalama, ndipo apa tisazembe. Mwayi wopanda malipiro si wa aliyense. Mwana wa ku Area 10 kapena Area 43 akhoza kudzipereka ulere miyezi iwiri, bambo ake amamutula pageti popita kuntchito. Wa ku Mtandire, ku Mgona kapena ku Chinsapo tchuthi ndiyo nthawi yake yochita geni kuti apeze ya sopo ndi ya lendi ya temu yotsatira, pakuti ngongole ya boma siikwanira. Kufika ku Chitedze kapena ku Kamuzu Central tsiku ndi tsiku kumafuna thiransipoti ndi nkhomaliro. Malo akamalengezedwa pa WhatsApp ya anthu odziwana okhaokha, wopanda amalume a kuofesi amva bwanji? Tikufuna PhD idzakhale chuma cha mtundu wa mabanja ochepa?

Mayiko a mu African Union analonjeza kuika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku. Ife sitikupempha nyumba zatsopano kapena galimoto. Tikupempha malo olengezedwa poyera m'nyuzipepala, kusankha kotsata magiredi ndi chidwi, ndalama ya minibasi ndi chakudya, ndi mphunzitsi wolipidwa pa nthawi yomwe wathera pa mwanayo. A ku Capital Hill, pa bajeti ikubwerayi, zimenezi tikazipeza pa mzere uti?