Tisagule sensa tisanayeze mawaya

Ambirife zatichitikirapo. Probox yadzaza chambo cha pa ayezi, tanyamuka pa Chia titangoswali Fajr, tisanafike pa Benga injini yathima yokha. Sitata ikuzungulira bwinobwino, koma osalira. Ikazizira yalira, kutsogoloku yathimanso. Uku dzuwa likukwera, ayezi akusungunuka.

Kawirikawiri vutoli limachokera pa sensa ya kirankishafiti. Ndi kamaginito kokulungidwa ndi waya, kamene kamawerenga mano a chitsulo chozungulira ndi injini n'kuuza kompyuta ya galimoto nthawi yopereka moto ndi petulo. Uthengawo ukaduka, ulendo wathera pomwepo.

Chotidandaulitsa n'chakuti makaniko ena akalumikiza makina n'kuona P0335, pompo amati "gulani sensa." Komatu nambalayo imangonena kuti uthenga sukufika, siitchula wolakwa. Galimoto zathuzi zimagona pafupi ndi matumba a mpunga ndi usipa, makoswe amatafuna mawaya. Pulagi imachita dzimbiri ndi matope a dzinja. Tizitsulo timamatirira pa maginito. Pena waya wangokhudza ekizozi n'kupsa.

Ndiye tiziumirira ndithu: azule pulagi aipukute, atsate waya mpaka ku kompyuta, ayeze ndi mita uku akugwedeza wayayo, ayezenso sensa injini ikadali yotentha.

Inu amisiri athu, ambirinu timaswali nanu mzikiti umodzi. Kumugulitsa m'bale chipangizo musanayeze, kodi ndalama imeneyo ndi halali? Ife ntchito yoyezayo tizilipira payokha, ngakhale atapezeka kuti ndi waya wongofunika kulumikiza n'kukulunga tepi.