Phunziro la ku Chilobwe: Ndani Alipire Kuti Maofesi Athu Azilankhulana?

Usiku wa pa 12 kucha wa pa 13 Marichi 2023, matope, miyala ndi mitengo zinatsika kuchokera m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za anthu ku Chilobwe ndi ku Manja mumzinda wa Blantyre. Kutacha, amene anathamangira kumeneko ndi makasu ndi mafosholo anali ndi funso limodzi pa bwinja lililonse: kodi m'nyumba muno munagona anthu angati? Yankho linali m'mitu mwa anansi amene anapulumuka, ndipo kumene anansi nawonso anakokoloka, kapena kumene kunali alendi ongobwera kumene, okumba ankangokumba mongoyerekeza.

Namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 1,200 m'dziko muno atamwalira kapena kusowa, ndipo anthu oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Boma ndi mabungwe othandizana nalo anawerengera kuti katundu woonongeka ndi zotayika zina zinaposa madola 500 miliyoni a ku America. Ambiri a ife tikukumbukira mwambo wa maliro a anthu ambiri pamodzi umene unachitikira ku Chilobwe, pamaso pa Dr. Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo. Lero tikufuna tiunike mbali imodzi ya tsokalo imene sikambidwa kawirikawiri: momwe maofesi a boma ndi mabungwe amasungira zimene akudziwa za ife, ndi amene ayenera kulipira kuti zimenezo zizifika pamodzi nthawi isanathe.

Aliyense ndi kaundula wake

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma Freddy anaimba. Namondweyu anayenda panyanja kwa masiku oposa 30, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza m'chaka cha 2024 kuti palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero. Nthambi yathu yoona zanyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, inachenjeza anthu a m'chigawo cha kummwera kudakali masiku angapo. Vuto linali lakuti chenjezo lonena za chigawo chonse silimuuza mayi wa m'mphepete mwa khwawa kuti nyumba yake ndiyo ili panjira ya madzi, kuti achoke nthawi yanji, ndi kuti akagone kuti.

Kuti chenjezo lifike pamenepo, pafunika kuphatikiza zinthu zimene zili m'manja mwa anthu osiyanasiyana. A zanyengo amadziwa kuchuluka kwa mvula. A nthambi yoona za miyala ndi nthaka amadziwa malo otsetsereka amene angagumuke. A zankhalango amadziwa malire a nkhalango ya Soche ndi pamene mitengo inatha. Khonsolo ya mzinda imadziwa misewu, ngalande ndi milatho. A Blantyre Water Board ndi a ESCOM ali ndi maina a makasitomala awo ndi malo amene anaika mamita. Alangizi a zaumoyo ali ndi mabuku a amayi oyembekezera ndi ana a kusikelo. Aphunzitsi aakulu ali ndi maina a ophunzira. Bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'chaka cha 2017 pa kalembera wa ziphaso za unzika. Ngakhale ife m'miphakati tili ndi makope a mabanja, ndipo tikudziwa kumene kuli agogo osayenda ndi odwala a pamphasa.

Tikaona bwino, dziko lathu silisowa makaundula. Mwina palibe banja la ku Chilobwe limene silinalembedwepo penapake. Chimene chimasowa ndicho njira yokhazikika, yovomerezeka ndi lamulo ndiponso yolipiridwa, yoti makaundulawa azifunsana. Izi n'zimene akatswiri amatanthauza akamakamba za mizinda yamakono yogwiritsa ntchito deta. Mawuwa amatipangitsa kuganiza za makamera a m'misewu ndi nyumba zosanja, koma phata lake ndi laling'ono: ofesi ina ikadziwa chinthu chokhudza moyo wa anthu, ofesi inzake ichidziwe msanga, ndipo chifike kwa eni ake.

Zimene mizinda ina inachita

Mzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil uli ndi anthu osauka ambiri okhala m'mapiri monga anzathu a m'munsi mwa Soche ndi Ndirande. Mvula ya mu Epulo 2010 itagumula mapiri ndi kupha anthu ambiri, akuluakulu a mzindawo anatsegula kumapeto kwa chaka chomwecho malo amodzi mmene nthambi pafupifupi 30 zimagwirira ntchito pamodzi usana ndi usiku. Kuchokera m'chaka cha 2011 anayamba kuika zoyezera mvula ndi malipenga ochenjeza m'madera a m'mapiri, naphunzitsa atsogoleri a m'maderamo kotengera anthu lipenga likalira. Mapiri a ku Rio sanaleke kugumuka, ndipo anthu amafabe, koma chenjezo lili ndi njira yodziwika yoyendamo kuchokera pa choyezera mvula mpaka pakhomo.

Pafupi ndi ife, ku Dar es Salaam, ntchito yotchedwa Ramani Huria inayamba m'chaka cha 2015. Ophunzira a m'sukulu zaukachenjede ndi anthu a m'makwalala anayenda wapansi kujambula mapu a nyumba, ngalande ndi malo osefukira m'madera amene pa mapu a boma panali poyera. Mapuwo anaikidwa poti aliyense awaone ndi kuwagwiritsa ntchito. Phunziro lake n'lakuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi anthu ndi miyendo yawo, ndipo makina amabwera pambuyo.

Ndalama zalowa, koma za ndani?

Kungakhale kunama kunena kuti m'Malawi simunalowe ndalama pa nkhaniyi. M'chaka cha 2017 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza madola 72.4 miliyoni a ntchito ya Digital Malawi, imene mwa zina inali yolumikiza maofesi a boma, sukulu ndi zipatala ku intaneti ndi kukonza njira yoti makompyuta a nthambi za boma azipatsana mauthenga. M'chaka cha 2024 banki yomweyo inavomereza gawo lotsatira. M'chaka cha 2022 boma linatsegula mu Blantyre nyumba yosungiramo deta ya dziko lonse, yomangidwa ndi kampani ya Huawei. Thumba la Green Climate Fund linapereka madola oposa 12 miliyoni, kudzera ku bungwe la UNDP, pa ntchito ya M-CLIMES yogula zipangizo zoyezera nyengo ndi madzi ndi kufalitsa machenjezo. Kalembera wa ziphaso za unzika nayenso anayendetsedwa ndi thandizo lalikulu la maiko akunja.

Tikayang'ana mndandandawu tiona zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama zambiri ndi za abwenzi akunja, zina zamphatso zina zangongole, ndipo zimabwera m'mapulojekiti okhala ndi tsiku lotsekera. Pulojekiti imagula makina, imaphunzitsa anthu, kenako imatha. Koma kaundula ali ngati munda: ukaleka kupalira chaka chimodzi, wabwerera kutchire. Ku Chilobwe alendi amasamuka mwezi ndi mwezi, ana amabadwa, nyumba zatsopano zimakwera phiri. Mndandanda wolembedwa zaka zitatu zapitazo ungasokeretse okumba m'malo mowathandiza. Choyezera mvula chimafuna batire, wochisamala amafuna malipiro, mlangizi wa zaumoyo amafuna mayunitsi a foni. Zimenezi ndi ndalama za chaka ndi chaka, ndipo wopereka thandizo sakonda kuzilipira mpaka kalekale.

Tinaona kuopsa kwake m'chaka cha 2025. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale, tsamba la FEWS NET, limene kwa zaka pafupifupi 40 lakhala likuchenjeza maiko za njala, kuphatikizapo Malawi, linazima kwa miyezi ingapo. Ntchito zambiri za zaumoyo zodalira ndalama zomwezo zinagwedezeka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: chenjezo lodalira thumba la mwini likhoza kuzima pa tsiku limene tikulifunitsitsa.

Chachiwiri, ndalama zambiri zimathera kulikulu, pamene tsoka limagwera kuwodi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu oposa 800,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera osakonzedwa bwino monga Chilobwe, Ndirande, Bangwe ndi Mbayani. Khonsolo imadalira kwambiri misonkho ya malo ndi ya m'misika. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse imene boma latolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti zimene amalandira ndi zochepa ndipo zimachedwa. Ngakhale kaundula wamkulu wa mabanja ovutika, amene amathandiza posankha olandira Mtukula Pakhomo, anayambira m'maboma a kumidzi. Pamene boma linafuna kugawa K35,000 pamwezi kwa mabanja a m'mizinda m'nyengo ya Covid-19, panafunika kuyamba ndi kulemba anthu mwatsopano. Bungwe la MACRA linayamba ntchito yopatsa misewu maina ndi nyumba manambala m'madera ena a Blantyre, ndipo ntchito yotere ndiyo maziko a zonse, pakuti ambulansi singapeze nyumba imene chizindikiro chake ndi mtengo wa mango umene wakokoloka.

Mantha a anthu ndi oona

Pali amene angatsutse, ndipo tiyenera kuwamvetsera. Munthu amene anamanga m'malire a nkhalango akamva kuti akubwera odzalemba nyumba, amaganiza za kugwetseredwa. Sanakwere phiri chifukwa chosadziwa kuopsa kwake. Anakwera chifukwa malo a kuchigwa ndi lendi ya m'tauni zinamukanika. Mapu osonyeza kuti nyumba yake ili pangozi, popanda malo ena omupatsa, amangomuonjezera nkhawa. Wina amaopa kuti buku la kuchipatala likalumikizidwa ndi makaundula ena, matenda ake adzadziwika kwa anthu osayenera. Winanso amakumbukira maina olembedwa nthawi ya chisankho ndi thandizo logawidwa poyang'ana nkhope. Ndipo tonse tikukumbukira kuti kuba kwa Cashgate m'chaka cha 2013 kunadzera m'makompyuta a boma oyendetsera ndalama, ndi kuti kafukufuku wa 2021 anapeza kusokonekera pa K6.2 biliyoni ya Covid-19. Makina sasintha mtima wa wowagwiritsa ntchito.

Malamulo oyankha ena mwa manthawa alipo tsopano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera m'chaka cha 2023, kulowa m'malo mwa la 1991. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makaundula linabwera m'chaka cha 2024, ndipo udindo wolilondoloza unapatsidwa kwa MACRA. Mfundo yake ndi yomveka: wolemba dzina lako akuuze chifukwa chake, alembe zokhazo zofunika, ndipo asazigwiritse ntchito ina popanda chilolezo. Opulumutsa anthu safunika kudziwa matenda a munthu. Akufunika kudziwa kuti m'nyumba yakuti muli mmodzi wosatha kuyenda yekha. Koma lamulo nalonso limadya ndalama. Popanda olipidwa kuti aziyendera maofesi ndi kumva madandaulo, limangokhala pepala.

Tichitepo chiyani?

Maganizo athu ndi akuti ndalama zogulira makina zikhoza kuchokera kwa abwenzi, koma ndalama zosamalira makaundula ndi kuwalumikiza zizichokera m'misonkho yathu, zizioneka pa mzere wakewake m'bajeti ya boma ndi ya khonsolo, ndipo gawo lake lizifika ku makomiti a m'mawodi oona za ngozi. Tikayerekeza ndi madola oposa 500 miliyoni amene Freddy anaononga m'masiku ochepa, mtengo wa zoyezera mvula pa phiri la Soche, mapu okonzedwa chaka ndi chaka ndi mayunitsi a anthu ochenjeza anzawo ndi wochepa zedi.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo isanafike nthawiyo nduna ya zachuma imayenda kumva maganizo a anthu. Makhansala ndi aphungu tili nawo pafupi. Mpofunika kuwafunsa mafunso olunjika: kodi m'wodi yathu muli mapu a malo oopsa, ndipo apachikidwa pati? Chenjezo likachoka ku zanyengo limafika kwa ndani kuno, pa foni ya ndani? Malo othawirako ndi ati, ndipo makiyi ake asunga ndani? Ndalama zake zili pa tsamba liti la bajeti? Lamulo lija lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma likutilola kufunsa polemba kalata ndi kuyembekezera yankho, ndipo a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi angatithandize kalembedwe kake.

Kwa inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, nkhaniyi ikukukhudzani mwapadera, chifukwa tsoka likagwa anthu amathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi, ndipo obweretsa thandizo amayamba kufunsa inu maina. Mvula isanayambe, khalani pansi ndi akhristu anu, pamodzi ndi anansi a mipingo ina ndi Asilamu, mudziwe nyumba zimene zili m'mphepete mwa makwawa ndi anthu ofunika kunyamulidwa, ndipo mugwirizane ndi komiti ya m'dera lanu za kothawira. Wina akabwera kudzapempha kope la mabanja, mufunseni mwaulemu kuti wachokera kuti, mainawo akupita kuti, ndipo eni ake avomera kodi. Amene anakupatsani maina awo anakukhulupirirani, ndipo chikhulupiriro chimenecho chikatayika, tsiku lolembanso adzakutsekerani zitseko.

Phiri la Soche lidakali pomwepo, zipsera za matope zikuonekabe, ndipo nyumba zili m'munsi mwake. Mvula yamphamvu idzabweranso. Pa tsikulo pasadzakhalenso wokumba woima pa bwinja n'kumafunsa kuti munagona angati, pamene yankho lake lili m'kabati yokhoma ya ofesi ina kutauni.