Ndinavina ndi mkazi wa mwini, mwini wake akuona

Mwana wanga wachisamba, Chisomo, akukwatiwa mwezi wamawa kuno ku Leeds, ku Mangalande. Ine ndi Nabanda, mayi ake, tinakwera ndege tikudera nkhawa za chisanu, za masiku ogona osadya nsima, ndiponso za mmene tikawalongosolere akuchimuna kuti nkhoswe ndi ndani ndipo ntchito yake n'chiyani. Zonsezo zayenda bwino. Chimene chandichotsa thukuta ndi gule.

Tsiku lachitatu chifikireni, tili pa chakudya chamadzulo, mwanayo anangoti, "Adadi, pa phwando ndikufuna mudzavine nane waltz. Ndakulembetsani inu ndi amami ku maphunziro a Loweruka ndi Lamulungu. Ndalipira kale, ndipo ndalamazo sabweza." Mawu omalizawo anawanena dala. Bambo ake amawadziwa: ndikhoza kukana china chilichonse, koma sindingagone tulo mapaundi atalowa m'madzi.

Musandiyese munthu wosadziwa kuvina. Ndinakulira ku Ntchisi, kumene ife anyamata tinkaponda mganda pamzere wathu, atsikana akutibula chimtali pabwalo lawo. Kwasa kwasa ya Kanda Bongo Man itafika, mawondo angawa anaigwira ntchito. Pa perekani-perekani mpaka lero sindichedwa kudzuka. Koma m'magule onsewa muli chinthu chimodzi chimene sindinachitepo, ndicho kugwira munthu wamkazi. Timavina moyang'anizana, timavina motsogozana, timadukulirana kumene, koma manja aliyense amasunga ake. Zaka 31 za banja, dzanja la Nabanda ndinaligwira pagulu kamodzi kokha, tsiku limene abusa anandilamula kutero. Nanji mwana wamkazi wotha msinkhu! Kwathu mtsikana akangokula, bambo ake ngakhale kuchipinda kwake salowako.

Loweruka 10 koloko m'mawa tinalowa mu holo ya tchalitchi china, pansi pake pa matabwa osalala, mipando ataikankhira kukhoma. Tinalipo anthu ngati 20: achinyamata awiri okonzekera ukwati wawo, mabanja a imvi, amayi atatu obwera okha, ndi mkulu wina amene anandinong'oneza kuti akazi ake anamwalira chaka chatha ndipo nyumba yamukulira. Mphunzitsi anali gogo wochepa thupi, wowongoka ngati bango. Moni usanathe n'komwe, maso ake anali kale kumapazi kwathu. Nsapato zanga za mphira kunsi anazipukusira mutu. Akuti mphira umakakamira pa thabwa, ndipo phazi likakana kutembenuka, bondo ndi limene limalipira mlandu. Tsiku lonselo ndinavina ndi sokosi, ndipo ndikuyamika Mulungu kuti m'mawawo Nabanda anandilanda zija zobooka pachala chachikulu.

Waltz imayenda patatu. Wani, thu, fili. Wani, thu, fili, mphamvu ili pa wani. Mwamuna aponya phazi lamanzere kutsogolo, chidendene chiyamba kufika pansi. Lamanja lipita kumbali. Lamanzere libwera kudzatseka. Kenako lamanja libwerera m'mbuyo, lamanzere kumbali, lamanja kutseka. Mukaonetsetsa, mapazi ajambula bokosi pansi. Mkazi achita zomwezo, kungoti iye ayamba ndi lamanja chobwerera m'mbuyo. Pa thu ndi fili umanyamuka pang'ono n'kuima ndi zala, kenako n'kutsika mofewa, ngati bwato panyanja tsiku lopanda mwera. Pakamwa n'zophweka. Koma miyendo yanga inkangofuna kuwonjezera sitepe yachinayi, ndipo chiuno chinkalowerera nkhani yosachikhudza. "Bambo inu, chiunocho chisiyeni chigone," anatero gogoyo ali kumbuyo kwanga. Nabanda anaseka mpaka kupukuta misozi.

Titadziwa bokosi aliyense payekha, inakwana nthawi yogwirana. Dzanja lamanzere la mwamuna ligwira lamanja la mkazi, m'mwamba molingana ndi maso. Lamanja la mwamuna likhala kumsana chakumtunda, pafupa la kuseri kwa phewa. M'chiuno ayi. Gogoyo ankayendera mmodzimmodzi, kukweza manja amene ayamba kutsetsereka, osalankhula kanthu. Mkazi atsamiritsa dzanja lake lamanzere pamkono wa mwamuna, zigongono zonse m'mwamba. Ndiye panabwera lamulo limene linandipulumutsa: simuyang'anana kumaso. Aliyense ayang'ana kumanzere kwake, maso kudutsa pamwamba pa phewa la mnzake. Mumaimanso mopatukirana pang'ono kuti mawondo asagundane ndiponso kuti mwamuna aziona kumene akupita. Kwa Mchewa wamanyazi ngati ine, lamulo limeneli linali ngati anachita kulembera ine.

Ndikuti ndiyambe kuzolowera, gogo anaomba m'manja: amuna nonse sunthani, aliyense apite kwa mayi wotsatira. Ndinatembenuka kuti ndione Nabanda atani. Anali atagwirana kale ndi mkulu wofedwa uja, zigongono zili m'mwamba. Ine ndinapezeka ndaima pamaso pa mayi wina wamtali, mwamuna wake ali poteropo akundimwetulira. Kwathu nkhani yotere imathera kwa nyakwawa, mbuzi itamangidwa pamtengo. Apa mayiyo anatchula dzina lake, ine langa, tinavina mphindi ziwiri, ndinamuponda kawiri, tinathokozana, n'kusuntha. Pofika masana ndinali nditagwira akazi a eni ake asanu ndi awiri, popanda wonditengera kubwalo.

Gogoyo anafotokoza chifukwa chake. Akuti anthu apabanja amabisirana zolakwa. Mkazi wako amadziwa kale kumene ukufuna kulowera, ndiye amapitako yekha usanamusonyeze, iwe n'kumadziona ngati katswiri. Mlendo sakudziwa. Ukapanda kumuuza ndi thupi lako, angoima chilili. Ndipo kumuuzako si kukoka mkono ngati ukukoka ng'ombe yapangolo. Chifuwa chako chikasuntha, iye amamva kudzera m'dzanja lili kumsana lija. Apa m'pamene ndinazindikira kuti m'mawa wonse Nabanda ndi amene ankandiyendetsa ngati wilibala. Nditamufunsa usiku, anangoti, "Bambo a Chisomo, mwazindikira lero?"

Pa nthawi ya tiyi ndinamuuza gogoyo kuti kwathu kugwirana chonchi ndi nkhani yaikulu. Anaseka, nati nakonso kuno zinali momwemo. Gule ameneyu anachokera kwa anthu wamba a m'midzi ya ku Austria ndi kummwera kwa Germany, ku magule ozungulira monga Ländler, ndipo dzina lake likuchokera ku mawu a Chijeremani akuti walzen, kutanthauza kugudubuzika kapena kuzungulira. Apamwamba a ku Ulaya anali atazolowera magule onga minuet, ongokhudzana manja motalikirana. Ndiye kubwere gule woti mwamuna afungatire mkazi n'kumazungulira naye pamaso pa anthu! Mu 1813 mlakatuli Lord Byron, amene iye mwini mbiri yake ndi akazi inali yosayamba, anatulutsa ndakatulo yonyogodola waltz. Mu Julaye 1816, guleyu atavinidwa pa phwando la Prince Regent, amene anadzakhala Mfumu George IV, nyuzipepala ya The Times ya ku London inamutcha gule wachilendo wopanda ulemu, n'kuchenjeza makolo kuti ateteze ana awo aakazi ku mliri umenewu. Padutsa zaka zoposa 200, ndipo lero ndi mwana wamkazi amene akukokera bambo ake ku mliriwo.

Amene anamuveka suti gule wakumudziyu ndi oimba a ku Vienna: Joseph Lanner, Johann Strauss wamkulu, makamaka mwana wake Johann Strauss II, wobadwa mu 1825, mwini nyimbo ija ya The Blue Danube imene inamveka koyamba mu 1867. Masiku ano mzinda umenewu umachititsa mapwando ovina oposa 400 pachaka, ndipo makolo amachita kulipira kuti ana awo akaphunzire zomwe makolo akale ankaletsa.

Lamulungu ndinapita ndi nsapato zobwereka kwa mkamwini. Gogo atatsegula nyimbo yoyamba, ndinaima ngati ndamva dzina langa. Inali He'll Have to Go ya Jim Reeves. Nyimbo imeneyi bambo anga ankaimvera pa MBC, kawailesi kawo ka Nzeru katatsamira pazenera, ife titaletsedwa kutsokomola. Ndaimva kosawerengeka moyo wanga wonse, osadziwa kuti ndi waltz. Iyeseni nokha, muwerenge wani, thu, fili, muona. Ngakhale Amazing Grace ya m'tchalitchi ija imayenda patatu. Waltz takhala nayo m'nyumba mwathu kuyambira kalekale, kungoti tinkaimvera titakhala pansi.

Tsiku limeneli tinatuluka m'bokosi n'kuyamba kuzungulira holo. Onse ayenda mbali imodzi, mosemphana ndi mivi ya wotchi. Othamanga adutsa chakukhoma, ophunzira akhala chapakati. Palibe kubwerera, palibe kuima panjira kuti mucheze, ndipo mukagundana nonse mupepesa, osayamba kufufuza wolakwa. Ndinalakalaka madalaivala athu a minibasi atabwera kudzakhalako masiku awiri okha. Chakumasana gogo anatilawitsa waltz ya ku Vienna yeniyeni. Imene tinkaphunzira ife, yodekha ya Angelezi, imakhala ndi ma wani-thu-fili pafupifupi 30 pa mphindi. Ya ku Vienna ndi pafupifupi 60, ndipo n'kuzungulira kokhakokha. Sindinathe ndi theka la mphindi lomwe. Chizungulire chinandikhazika pampando, denga likuyenda lokha, mkulu wofedwa uja akudutsa pamaso panga ndi Nabanda ngati kamvuluvulu.

Ndikudziwa wina akuwerenga akuti mdalayu wangokhala ku Ulaya milungu iwiri, wayamba kale kutigulitsa za azungu. Funsani agogo anu kumene malipenga, beni ndi mganda zinachokera. Makolo athu anaonera perete wa asilikali a atsamunda, anatengako mayunifomu ndi mizere, n'kuumba magule amene lero timawatcha athu popanda wotsutsa. Anzathu a ku South Africa gule wogwiranayu akhala akumuvina m'maholo a m'malokeshoni kwa mibadwo. Oti Mabuse wa ku Pretoria anapambana mpikisano wa Strictly Come Dancing wa pa BBC kawiri motsatizana, mu 2019 ndi 2020, mkulu wake Motsi ali mmodzi wa oweruza. Angelezi eni ake amaonera pa kanema mwana wa ku Africa akuwawongola zigongono.

Sindikunena kuti titaye chioda kapena manganje. Chimene ndachitira nsanje mu holo muja ndi kupempha. Nthawi yovina momasuka itakwana, panalibe amene anagwira mnzake asanapemphe. Wopemphedwa akati ayi, zathera pomwepo, popanda kutukwana, popanda kufunsa kuti ukudzimva ndani. Amayi nawonso ankapempha abambo. Nyimbo ikatha, zikomo, aliyense kumalo kwake. Ndinakumbuka zimene timaona pa madansi ndi pa maphwando ena kwathu, mwamuna kungozembera mayi chakumbuyo n'kudziphatika, mayiyo n'kumathawa akuvina, anthu akuseka. Mwamuna yemweyo mutamuuza kuti agwire dzanja la mkazi wake popita ku tchalitchi, akuuzani kuti si chikhalidwe chathu. Manyazi athu tinawaika posayenera. Onaninso maukwati athu: aperekezi amatha milungu akuyeserera masitepe, pamene eni ukwati tsikulo amathera maola ataima ndi mbale, akuwakha ndalama, osapeza ndi mphindi zitatu zomwe zoti agwirane.

Itatsala pang'ono 4 koloko, Chisomo analowa kudzatitenga. Gogo atamva kuti ndiye mkwatibwi, anabwezera nyimbo ya Jim Reeves ija n'kuuza onse kuti atipatse malo. Ndinapita pamene anaima mwanayo, ndinaweramitsa mutu monga anatiphunzitsira. "Mayi, ndingavine nanu?" Anaseka, koma anapereka dzanja. Langa lamanja linakafika kumsana kwake, pafupa lija. Pamalo pamenepo ndinaligwira komaliza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, usiku umene ndinathamanga naye kuchipatala malungo atamutentha, mutu wake uli paphewa panga. Tikuvina, ankawerenga chapansipansi, "Wani, thu, fili, adadi, musathamange." Tinazungulira holo kawiri. Sindinamuponde. Maso anga anayamba kuchita zawozawo, ndipo lamulo loyang'ana kumanzere lija linandipulumutsanso kachiwiri.

Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu a mabanja m'mipingo yathu, holo zanu zambiri zimakhala zokhoma Loweruka masana. Ngati mumpingo muli mmodzi wodziwa bokosi limeneli, mupatseni kiyi ndi sipika, muitane mabanja abwere ndi sokosi zosabooka. Ine, Nabanda wandigulira kale nsapato zachikopa kunsi, ndipo madzulo aliwonse tikukankhira tebulo la mkamwini kukhoma. Ukwati uli Loweruka lachitatu la mwezi wamawa. Mundikumbukire m'mapemphero, makamaka bondo lamanzere.