Khasu lisakhale chilango pasukulu

Mu Januwale 1896, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Chicago ku America, dzina lake John Dewey, anatsegula kasukulu ka ana 16. Ana a pasukulupo ankaphika, ankapala matabwa, ankalima m'dimba ndiponso ankawomba nsalu. Nthawi ina anapatsidwa thonje ndi ubweya wa nkhosa kuti apote ulusi. Ubweya sunawavute, koma thonje linawatopetsa, chifukwa kuchotsa njere ndi zala kunkawadyera nthawi yaitali kuti apeze kathonje kodzaza chikhatho chokha. Apa anawo anazindikira okha chifukwa chimene makolo awo akale ankavalira kwambiri zaubweya. Anamvetsanso chifukwa chimene makina ochotsa njere, amene Eli Whitney anapanga mu 1793, anasinthira malonda a thonje. Dewey anafotokoza nkhaniyi m'buku lake la 1899 lotchedwa The School and Society.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti Dewey sankafuna kutulutsa amisiri owomba nsalu. Ambiri mwa anawo anali a aphunzitsi anzake a payunivesite, ana oti sakanadzasowa ntchito ya muofesi. Thonje lija linali khomo lolowera m'mbiri ya dziko, m'masamu ndi m'sayansi. Mwana akakumana ndi vuto lenileni m'manja mwake amayamba kufunsa, ndipo akafunsa yekha, yankho limamukhala m'mutu.

Maganizo a Dewey ndi anzake awiri, Charles Peirce ndi William James, amatchedwa pragmatism. Phata lake ndi losavuta kumva: ganizo lililonse liweruzidwe ndi zotsatira zake likagwiritsidwa ntchito. Wina akakuuza kuti chakuti n'choona, funsa kuti chisintha n'chiyani ukachitsatira, kenako chiyese. Kwa Dewey, amene anabadwa mu 1859 n'kumwalira mu 1952, sukulu inayenera kukhala malo amene mwana amazolowera kuyesa zinthu motere pamodzi ndi anzake, kukangana nawo mwaulemu ndi kusintha maganizo umboni ukapezeka. Ankakhulupirira kuti demokalase imayambira pamenepo, ndipo anatsindika zimenezi m'buku la 1916 la Democracy and Education.

Tsono taganizani za ntchito yamanja m'sukulu zathu zambiri. Mwana wachedwa, akatchetche udzu. Wasokosa m'kalasi, akakumbe dzenje la zinyalala. Walankhula Chichewa pamalo oti alankhule Chingerezi, akalime mizere kumunda wa sukulu. Kwa zaka zisanu ndi zitatu mwana amaphunzira phunziro limene silinalembedwe pa bolodi, lakuti khasu ndi la olakwa ndi olephera. Kenako timadabwa kuti mnyamata wa MSCE akuchita manyazi kulowa m'dimba la bambo ake, m'dziko limene anthu ambiri amadya ndi kuvala kuchokera m'nthaka. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwanayo taphunzitsa ndife kuti anyoze ntchito imene inamulipirira yunifolomu.

Koma munthu akamalimbikitsa maphunziro aluso m'dziko muno ayenera kuponda mosamala, pakuti mawu amenewa anagwiritsidwapo ntchito kutitsekera njira. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones ndipo munalinso James Aggrey wa ku Gold Coast, linayendera sukulu za kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Nyasaland. Linalangiza kuti maphunziro a anthu akuda agwirizane ndi moyo wakumudzi: ulimi, ukhondo, ukalipentala ndi kasamalidwe ka pakhomo. Sukulu ya Jeanes ku Domasi inachokera m'maganizo amenewa, ndipo inaphunzitsa aphunzitsi ndi akazi awo zinthu zothandizadi. Komabe pansi pa malangizowo panali chiweruzo chakuti mwana wa munthu wakuda safunika kupita patali. Amishoni anatsegula sukulu kuno kuyambira m'ma 1870, koma sukulu ya sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inadzatsegulidwa mu 1940. Ku South Africa maganizo omwewa anafika poipa zedi ndi lamulo la Bantu Education la 1953, limene cholinga chake chinali kukonzekeretsa mwana wakuda kukhala wantchito wa mzungu.

N'chifukwa chake makolo athu akamva zoti mwana akaphunzire zaluso amakwinya nkhope. Sakulakwa. Amakumbukira kuti ntchito yamanja inkapatsidwa kwa amene atsekeredwa khomo la mabuku. Ngakhale lero, mukamvetsera bwino, amene amalankhula mokweza kuti si ana onse ayenera kupita ku yunivesite nthawi zambiri amanena za ana a anthu ena. Dewey mwiniwake anatsutsa poyera zoti ana a anthu osauka apatulidwe n'kuikidwa m'sukulu zawozawo zophunzitsa ntchito za m'fakitale. Iye ankafuna kuti mwana wa bwana ndi mwana wa mlonda onse agwire thonje, onsenso awerenge mbiri yake.

Chitsanzo chapafupi tili nacho ku Wimbe, m'boma la Kasungu. William Kamkwamba anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2002 chifukwa makolo ake analibe fizi. Ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zina zotola kudzala. Anthu akamafotokoza nkhaniyi amakonda kunena kuti luso limaposa sukulu. Amaiwala kuti ganizo lonse analipeza m'buku la sayansi limene anabwereka m'kalaibulale ka kwawoko, ndipo mpata utapezeka anabwerera kusukulu mpaka anamaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Popanda buku lija zitsulo zikanakhala zitsulo basi, ndipo popanda manja ake bukulo likanangobwezedwa pashelefu.

Pali chinthu china chimene Dewey sanachilabadire mokwanira, koma ife sitingachilambalale. Mwana wakwathu asanaponde m'kalasi amakhala ataphunzira kale zambiri. Agogo amuuza nthano madzulo, amayi amuonetsa kusiyanitsa bowa wodya ndi wakupha, amalume amutenga kunyanja kapena kudambo. Waphunzira kugwada popereka madzi, kukhala pamaliro, kugawana nsima m'mbale imodzi popanda kulanda ndiwo. Maphunziro amenewa amayankha funso limene mayeso a Sitandade 8 safunsa, lakuti munthu akhale bwanji ndi anzake. Sukulu imene imauza mwana kuti zonse za kumudzi ndi umbuli imamusiya wopanda poponda.

Nzeru zamakolo nazonso ziyenera kuyesedwa ndi zotsatira zake, ndipo zambiri zimapambana mayesowo. Alimi akale ankasiya mtengo wa msangu m'munda chifukwa ankaona kuti chimanga cha pansi pake chimakula bwino. Akatswiri a zaulimi anadzatsimikiza chifukwa chake: msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba mbewu, ndipo masambawo amawonjezera chonde m'nthaka. Kubzala chimanga pamodzi ndi nyemba, nandolo ndi maungu, kumene ena ankakuona ngati kulima kwachikale, lero kukulimbikitsidwanso. Makolowo sankadziwa dzina la nayitirojeni, koma ankayang'ana, kuyesa ndi kukumbukira. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera.

Miyambo ina ikayesedwa imagwa. Kukwatitsa mwana wa zaka 13 ndi mwambo wa kusasa fumbi zabala matenda, imfa za pobereka ndi atsikana osiya sukulu. Amene analimbana nazo mwamphamvu sanali mlendo wochokera kunja. Inali mfumu, Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati ambirimbiri a ana, kubwezera anawo kusukulu ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankavomereza maukwatiwo. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Mlonda wa mwambo ndiye anaupima mwambowo n'kutaya zovunda zake, ndipo ufumu wake sunachepe.

Aphunzitsi adzandifunsa kuti zonsezi zingatheke bwanji m'kalasi ya ana oposa 100, ena atakhala pansi, ena pansi pa mtengo. Funsoli ndi lomveka. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo kuchepa kwa zipinda ndi aphunzitsi sikunathe mpaka pano. Mphunzitsi wotopa amathawira ku kuloweza chifukwa ndi njira yokhayo yoti gulu lalikulu liyendere limodzi. Dewey naye mu 1938 anachenjeza otsatira ake kuti kungosiya ana azichita zimene akufuna si kuphunzitsa, ndipo njira yake imafuna mphunzitsi wokonzeka kwambiri kuposa njira yakale.

Komabe pali zina zosafuna ndalama za boma. Munda wa sukulu ulipo kale. Ana angathe kuugawa pawiri, mbali ina n'kuthira manyowa, ina ayi, n'kumayeza kutalika kwa chimanga mlungu uliwonse, kulemba m'kope, ndipo pokolola n'kuwerengera okha phindu. M'menemo muli masamu, sayansi, kalembedwe ndi kuona mtima, pakuti mwana amaphunzira kulemba zimene waona ngakhale zitasiyana ndi zimene ankayembekezera. Gogo wa m'mudzimo wodziwa mitengo ndi zizindikiro za mvula angaitanidwe kuti alankhule, ana n'kumufunsa mafunso, kenako n'kukayesa zimene wanena.

Pempho langa lipite kwa inu aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo. Teremu ikubwerayi, mwana akalakwa mupezereni chilango china, koma musamutume kumunda. Kumundako apite ana onse, wokhoza bwino ndi wovutika yemwe, tsiku lodziwika, atanyamula khasu ndi kope, mphunzitsi wawo ali patsogolo.