Ku CoCo Ichibanya, cimene umagula si msuzi cabe

Anzanga, amene mumakonda kutamba mavidiyo a zakudya za ku Japan pa foni, mwina munaonako cikwangwani cacikasu colembedwa CoCo Ichibanya. Ni malesitilanti ogulitsa mpunga na curry, ndipo ku Japan kokha aliko opitilila 1,200. Mu 2013, Guinness World Records inalemba kuti palibe kampani ina ya malesitilanti a curry yoiposa kukula pa dziko lonse. Olo zili conco, onyoza samasowa. Amakamba kuti iyi si curry yeniyeni, ni msuzi wa ku fakitale cabe. Ine niona kuti mlanduwu akuuweluza molakwika.

Tiyambe na mau akuti "yeniyeni". Curry inafika ku Japan kupitila mwa Angelezi ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ili kale ufa wosakaniza. Anthu a ku Japan anayamba kuikamo fulawa kuti msuzi ulimbe, pamodzi na anyezi, kaloti na mbatatisi. Asilikali a pamadzi anaizolowela ngako, cakuti mpaka lelo amaidya pa Cisanu ciliconse. Conco kufuna kuti imveke monga ya ku Delhi kuli ngati kukalipila mwana cifukwa sanafanane na ambuye ake. Cimanga naco cinacokela ku America, koma ndani angakambe kuti nsima si yathu?

Zakuti msuzi umacokela ku fakitale, izo n'zoona. Kampani imauphika ku mafakitale ake na kuutumiza ku mashopu, kumene amautenthetsa m'kapoto kang'ono munthu akaitanitsa. Koma onani zimene zimacitika ukankhala pansi. Amakufunsa msuzi umene ufuna, monga wa nkhumba, wa ng'ombe kapena wopanda nyama. Amakufunsa kuculuka kwa mpunga: muyezo wake ni magilamu 300, koma ungacepetse kapena kuwonjezela. Amakufunsa za tsabola, kuyambila wosababa mpaka wotulutsa misozi, ndipo kwa zaka zambili masitepe ake anali kufika pa 10. Pothela umasankha zoika pamwamba: nyama yokazinga imene amati katsu, chizi, dzila, masamba.

Apa m'pamene pali mtima wa nkhani. Mwana wa sukulu, woyendetsa lole na mayi wocoka ku ofesi usiku, onse amafunsiwa mafunso amodzimodzi, ndipo aliyense amalandila mbale yake monga anaifunila. Wobwela yekha ali na mpando pa kaunta, palibe womuyang'ana na diso lodabwa. Mbale imene unadya ku Nagoya udzaipezanso ku Sapporo. Munthu wolema amene ali na ndalama ya cakudya cimodzi cabe safuna kucita mwayi. Afuna kudziwa cimene cibwela.

Ulemu umenewu unayamba na eni ake. Tokuji Munetsugu, amene anakhalako ku nyumba ya ana amasiye ali mwana ndipo anakulila mu umphawi, anatsegula shopu yoyamba na mkazi wake Naomi mu 1978 pafupi na Nagoya. Anali kudziwika na cizolowezi cowelenga yekha makhadi amene makasitomala anali kulembapo maganizo awo. Kampani inakonzanso njila yakuti wanchito wogwila bwino, akaphunzila mokwana, atsegule shopu yakeyake pansi pa dzina lomweli.

Manje tikambe cilungamo, cifukwa pali dandaulo lina limene niligwilizana nalo. Kusankha kumeneku ndiye kumadya ndalama. Mbale ya mpunga na msuzi cabe siidula kwambili, koma ciliconse coika pamwamba cili na mtengo wake, ndipo tsabola wambili nayenso amalipilitsa. Uika katsu, uika chizi, uwonjezela mpunga, ndipo bilu ikabwela upeza yakwela kutali na mtengo umene unakukoka pakhomo. Ameneyu ni malonda, osati cifundo. Kucokela mu 2015, gawo lalikulu la kampani lili m'manja mwa House Foods, kampani yaikulu yopanga zakudya. Wodya wanzelu amawelengela zonse asanatsegule pakamwa.

Koma kudula ni mlandu wina, "yeniyeni" ni mlandu wina. Mu 2018 CoCo Ichibanya inatsegula ku London, kwa Angelezi amene anabweletsa curry ku Japan. Mu 2020 inatsegula ku Gurugram, pafupi na Delhi, ndipo kumeneko inacotsa nyama ya ng'ombe na ya nkhumba pa menyu. Sinapite kukaphunzitsa Amwenye kuphika. Inapita na cakudya ca ku Japan, n'kufunsa anthu a kumeneko zimene angadye.

Conco mukadzapezeka pa khomo lacikasu lija, kaya ku Tokyo kapena ku London, musataye nthawi kufunsa ngati ni curry yeniyeni. Yambani na tsabola wocepa, sankhani coika pamwamba cimodzi cabe, ndipo muone ngati mbale yabwela monga munakambila.